Njere Zisanu ndi Imodzi M'chitini cha Kumanja

1

"Ndiye mawa njere yako ikagwera m'chitini cha ndani?"

"Voti ndi chinsinsi."

"Chinsinsi pakati pa ine ndi iwe? Bebi, tikukwatirana chaka chomwe chino."

"Ndiye udikire. Tikakwatirana ndidzakuuza."

Anaseka, nagwira chala changa chomwe chinali ndi mphete yake, ngati akufuna kuona ngati ikadalipo. Ameneyu anali Loya, bwenzi langa. Kukhoti anali asanaimirirepo munthu ndi mmodzi yemwe, koma anali ndi majekete awiri ndi mawu osatha, choncho tonse m'chipani tinkangomutchula kuti Loya. Linali Lachisanu masana, ndipo mawa lake ankapikisana ndi bambo anga pa mpando wa tcheya wa chipani.

Bambo nawo anali atandifunsa funso lomwelo m'mawa, akupukuta magalasi awo ndi kumapeto kwa tayi. "Mwananga, sindikufunsa ngati tcheya ayi. Ndikufunsa ngati munthu amene anakuphunzitsa kuwerenga." Ndinawauza kuti asade nkhawa. Loya nayenso, asanatuluke mu ofesi, ndinamuuza kuti asade nkhawa. Kenaka ndinamupatsa fayilo yake yobiriwira imene anaiiwala pa desiki yanga Lachiwiri.

"Unaitsegula?"

"Ndiitsegulirenji? Si ndinalemba ndine zili m'menemo?"

"Zoona," anatero, naikanikiza kukhwapa.

Owerenga, ndinene pachiyambi pompano kuti tisavutane. Chisankho chija ndinachiba ndine. Ndinaponya njere zisanu ndi imodzi zomwe sizinali zanga m'chitini cha Loya. Chifukwa chake ndikuuzani, koma osati pano. Ine ndinaphunzira masamu ku yunivesite, ndipo ndimadana ndi munthu amene amayambira yankho.

2

Chipani chathu chimateteza mitengo, mitsinje ndi zina zonse zomwe sizivota. Anachiyambitsa ndi bambo atapuma ntchito yauphunzitsi, zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Ofesi yathu ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa shopu yomata matayala, moti misonkhano yathu yokamba za mpweya wabwino timachita titatseka mawindo. Pakhoma panali zithunzi zisanu ndi ziwiri za bambo akubzala mitengo: mitengo yosiyanasiyana, jekete lomwelo.

Bambo anaimapo katatu pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko. Kachitatuko, pamalo ovotera a kwathu anapeza mavoti anayi, pomwe m'nyumba mwathu tinali ovota asanu. Nkhani imeneyi sitinaifufuze.

Mkangano wawo ndi Loya unagona pamenepa. Loya ankati tisiye maloto, tisonkhanitse mphamvu zathu zonse mu wodi imodzi, tipeze khansala mmodzi, anthu aone kuti tilipo. Bambo ankati ife si chipani cha wodi, dziko lonse ndi nkhalango imodzi. "Bambo akowo akufuna kusenda njovu alibe ndi mpeni womwe," Loya ankandinong'oneza. Ankanena zoona, ndipo ine ndinamuthandiza. Ndinamulembera mndandanda wa nthumwi zonse 61 za msonkhano waukulu, m'mizere itatu: dzina, chomwe chikumuwawa, chomulonjeza. Mzere wachitatuwo ndinausiya wopanda kanthu kuti adzaze yekha. Ndi umene unali mu fayilo yobiriwira ija.

Tsono mavoti athu si a mapepala. Bambo amati pepala ndi mtembo wa mtengo, ndipo sitingasankhe mtsogoleri ndi mitembo. Timavota ndi njere za msangu. Amayi anga amabweretsa botolo la njere, bambo amawerenga njere 61 pamaso pa onse, imodzi pa nthumwi iliyonse, botolo n'kutsekedwa. Nthumwi imalowa kuseri kwa katani kumene kuli zitini ziwiri zamkaka zomata bwino, chilichonse ndi kabowo pamwamba. Kale njere ikagwa inkalira kuti ngwe, ndipo akuthwa makutu ankadziwa ngati yagwera kumanja kapena kumanzere. Tinayala tinsalu m'zitinimo kuti anthu azipereka anzawo mwakachetechete.

Ndiye pali ndime 9 ya malamulo athu, imene bambo amainyadira kuposa mwana wawo. Njere zikawerengedwa zimafesedwa m'machubu ku nazale, kuseri kwa ofesi, mzere wa wopikisana aliyense pawokha. Pakatha masabata asanu ndi limodzi komiti imapita kukayendera. Mzere umene mwamera mtengo wachilendo, mwini wake waba, ndipo achotsedwe. Ndimeyi inali isanagwirepo munthu.

Amayi si nthumwi, alibe voti. Mbali yawo m'chipani ndi nazale ndi tiyi.

3

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya ana aang'ono imene tinabwereka. Akuluakulu a chipani anakhala pa timadesiki, mawondo ali m'zibwano, pansi pa chithunzi cha ng'ombe cholembedwa kuti ng'ombe.

Bambo analankhula ola limodzi ndi mphindi khumi. Anayambira chaka chimene mtsinje wa kwawo unauma, nadutsa m'misonkhano yonse imene anaitanidwako, mpaka anthu anayamba kusilira ng'ombe ija. Pakati pake anaimiritsa Amakala, monga amachitira pa msonkhano uliwonse. Amakala ndi mdala amene kale ankaotcha makala, bambo n'kumutembenuza mtima. Amamusunga m'chipani ngati mmene mpingo umasungira chidakwa cholapa.

"Auzeni, achimwene. Kale munkatani?"

"Ndinkapha mitengo, Atcheya."

"Nanga lero?"

"Lero ndimangoiyang'ana, njala ili pamimba."

Anthu anaseka, bambo n'kuganiza kuti akuwachemerera.

Loya analankhula mphindi khumi zokha. Ponena za maulendo a kunja anayang'ana Anesi, mtsogoleri wa amayi. Ponena za maudindo atsopano anayang'ana telala amene amatisokera mbendera. Ine ndinkatsatira m'mutu mwanga, dzina ndi dzina, monga ndinawandandalikira. Ponena za tsogolo anayang'ana ine.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinkachidziwa ndekha, poti ndine mlembi wa zisankho. Pa zisankho zinayi zam'mbuyo, njere za m'zitini sizinakwanepo 61. Nthawi zonse anthu osachepera asanu ndi atatu ankalowa kuseri kwa katani, n'kuima pang'ono, n'kutuluka njere ili m'thumba, kuopa kulakwira mbali iliyonse. Akuti mapanga awiri avumbwitsa, koma anthu athu anapeza njira yonyowera mwaulemu. Choncho munthu akanatha kuwonjezera njere zisanu ndi imodzi popanda chiwerengero kupyola.

Mlembi amavota pomaliza. Ndinalowa, ndinaponya njere yanga, kenaka ndinamasula kansalu kopukutira thukuta. Imodzi, ziwiri, mpaka zisanu ndi imodzi, zonse m'chitini cha kumanja. Kansalu ka m'chitini kanagwira ntchito yake.

Ndinatsegula zitini pamaso pa onse n'kukhuthulira njere pa mbale ziwiri zoyera. Kumanzere, kwa bambo, 27. Kumanja, kwa Loya, 30.

Bambo anaimirira, namanga batani la jekete, nagwira Loya chanza. "Mtengo wakale ukagwa, timitengo timaona dzuwa," anatero. Mawu amenewa ankawasungira maliro awo, ndinawamvapo akuwayeserera kubafa.

Amayi anabwera ndi timabotolo tiwiri kudzatenga njere. Za Loya anayamba azithira m'dzanja, nazigwedeza ngati munthu woyesa mchere pamsika, kenaka anandiyang'ana. Ndinaganiza kuti akundimvera chisoni, mwana wogawanika pakati pa bambo ndi mwamuna.

4

Sabata yoyamba Loya anatsitsa zithunzi za bambo n'kusiyapo chimodzi, chimene nkhope yawo inabisika ndi tsamba. Sabata yachiwiri anabweretsa mpando wozungulira. Yachitatu anayamba kutembenuka munthu akati "Atcheya" ngakhale akuitana tcheya wa mabasi. Yachinayi anandiitana mu ofesi, natseka chitseko.

"Bebi, za ukwati zija. Ndikuona ngati tidikire kaye chisankho cha mu wodi chidutse."

"Chikadutsa?"

"Tidzakhala pansi. Ukudziwa kuti pano sindine wanga ndekha, ndine wa anthu."

"Anthu 30."

"Ndi iwe womwe, si choncho?"

Ndinamwetulira, ndinamukonzera kolala. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kunatsala masabata awiri.

Kunyumba ndiye kunali kovuta kumwetulira. Bambo anasiya kumeta ndevu. Ankakhala pakhonde ndi mndandanda wa nthumwi, pensulo kukhutu, akuika timitanda. Anthu 34 anali atawalonjeza pamaso, ena atagwira pamtima. Asanu ndi awiri anapita kuti? Tsiku lina Amakala anabwera kudzawazonda, atanyamula chipewa m'manja.

"Odi, Atcheya."

"Atcheya ali ku ofesi, pa mpando wozungulira. Pitani mukazungulire nawo."

"Achimwene, ine ndi inu tayenda limodzi zaka khumi."

"N'chifukwa chake mukudziwa pobaya."

Mdala uja anavala chipewa chake, nabwerera. Amayi anali pakhomo la khitchini ndi makapu awiri a tiyi. Anabweza imodzi.

Ine ndinkadziuza kuti masabata asanu ndi limodzi sapha munthu. Tsiku lililonse popita kuntchito ndinkasuzumira ku nazale. Timitengo tinali titamera, tobiriwira, tofanana tonse ngati ana a sukulu pa mzere. Kuyandikira sindinkafuna, kuopa kuti wina angaone chidwi changa. Komanso, kunena zoona, m'moyo mwanga ndinali ndisanagwirepo dothi la m'chubu. Ntchito imeneyo ndinkaiona ngati ya anthu opanda digiri.

5

Tsopano ndikuuzeni za fayilo ija.

Ndinaitsegula. Lachiwiri lomwelo, Loya atangotuluka. Ndinkangofuna kuona mmene mwana wa sukulu wanga wadzazira mzere wachitatu. Anadzaza bwino, ndi cholembera chofiira. Anesi: ulendo wa kunja. Telala: wachiwiri kwa mlembi. Amakala: palibe, ndi wa Atcheya. Ndinatsika ndikuseka mpaka pa nambala 61, pomwe panali dzina langa. Pa "chomwe chikumuwawa" ine ndinali nditasiya popanda kanthu, pakuti munthu sadzilemba yekha. Iye anandilembera: akufuna bambo ake amuone. Pa "chomulonjeza" analemba: ukwati. Pambali, m'tizilembo ting'onoting'ono: mpaka msonkhano udutse.

Sindinalire. Chimene chinandiwawa kwambiri si mzere wachitatu, koma wachiwiri, chifukwa anakhoza.

Ndikanatha kumuponyera mphete kumaso. Ndikanatha kupita kwa bambo ndi pepalalo, koma akanaona kuti mizere iwiri yoyambayo inalembedwa ndi dzanja la mwana wawo. Ndinakhala pa desiki ndikuyang'ana khoma, ndipo pakhomapo panali chithunzi chophunzitsira mitengo chimene chakhala pamenepo chiyambire chipani. Msangu: njere zofiirira, zaphanthiphanthi, zonyezimira; kamtengo kamamera ndi minga. Lukina: njere zofiirira, zaphanthiphanthi, zonyezimira, alibe minga.

Pamalo okwerera basi pali lukina amene amangotaya njere zake pansi. Ndinatola zisanu ndi imodzi.

Masamu anga anali oti bambo apambana ndi mavoti ochepa, ndipo ndinakhoza: chotsani zanga, Loya anapeza 24, bambo 27. Koma kugonja kokha kunali kochepa kwa iye. Wogonja amapepesedwa, amadzayesanso. Ine ndinkafuna akwere, azungulire pa mpando, atsitse zithunzi, kenaka ndime 9 imugwetse pamaso pa anthu onse ngati wakuba. Bambo akanabwerera pa mpando wawo ndi ulemu woposa kale, lamulo lawo lokondedwa litagwira nyama yake yoyamba. Ndipo ndani akanakayikira mkazi wovala mphete ya wakubayo, amenenso ndi mwana wa woberedwa?

Ndinkaona kuti ndi masamu okongola kwambiri amene ndinapangapo.

6

Tsiku loyendera nazale ndinavala diresi langa labwino. Komiti inabwera yonse, ndi anthu ena ongofuna kuonerera. Bambo anabwera chifukwa lamulo limati opikisana onse akhalepo. Anaima patali, manja kumbuyo. Loya anabwera ndi wojambula zithunzi. Amayi anali atakhala pa ndowa yovundikira, akusenda luzi lomangira shedi, ngati nkhaniyo si yawo.

Woyendera anali Amakala, poti ndi iye yekha mu komiti amene amadziwa mtengo usanakhale tebulo. Anayamba ndi mzere wa bambo. Ankagwada, n'kupitiriza chala pa kamtengo, n'kunena kuti "msangu". Anatero ka 27. Kenaka anawolokera ku mzere wa Loya.

"Msangu. Msangu. Aka kakundibaya ngati apongozi. Msangu."

Ndinkawerenga naye. Pa khumi mtima unali m'malo. Pa makumi awiri ndinayamba kumva kutentha m'makutu. Zatsala khumi, ndinadziuza, zisanu ndi imodzi zili m'menemo. Pa 25 masamu anakana. Pa 30 Amakala anaimirira, akuyamwa chala.

"Yonse misangu, akuluakulu. Chisankho chinali choyera."

Anthu anaomba m'manja. Loya anandikoka kuti tijambulitse, dzanja lake lili paphewa langa, ndipo chithunzicho chilipo mpaka lero. Amene amachiona amati ndikuoneka ngati ndameza ntchentche.

"Akalikuleta, mwatani?" anafunsa Anesi. Ndi dzina limene amanditchula m'chipani. "Kapena ndi zija za azimayi? Ukwati usanachitike?"

"Dzuwa," ndinatero.

Ndinagwada ndekha, diresi labwino lili m'matope, n'kuyamba kugwira timitengo ta Loya kamodzikamodzi. Kalikonse kanandibaya. Anthu anati taonani chikondi, akusisita mavoti a mwamuna wake.

Bambo anapita kwa Loya, namugwiranso chanza. "Ndinali ndi kachiyembekezo koipa mumtima, mwana wanga. Ndikhululukire." Kenaka anakwera njinga yawo. Amayi sanadzutse mutu.

7

Ndinawapeza madzulo ake akuanula zovala kuseri kwa nyumba.

"Amayi."

"Gwira uku, tipinde."

Tinapinda nsalu ya pabedi, iwo uko ine kuno, mpaka manja athu anakumana. Pamenepo anandigwira dzanja, nanditsogolera kuseri kwa bafa. Pafupi ndi ngalande ya madzi panali machubu asanu ndi limodzi, timitengo tosalala, topanda munga ndi umodzi womwe.

"Ana akowo," anatero. "Ine njere sinditaya."

Ndinakhala pa mwala wochapira.

"Munadziwa liti?"

"Zisanafike ndi m'botolo momwe. Iwe umaganiza kuti kufesa msangu n'kungokankhira m'dothi? Njere iliyonse ndimaidula kakhungu ndi chowengera zikhadabo, apo ayi simera. Zaka khumi ndi zinayi, imodziimodzi. Ndingalephere kusiyanitsa msangu ndi lukina? Ndinachotsa zakozo n'kuikamo za m'botolo langa."

"Chifukwa chiyani?"

"Funso la munthu wa digiri limenelo? Wolowa pomaliza kuseri kwa katani ndi ndani? Ndinati mwana wanga wapenga ndi chikondi, waba kuti mwamuna wake apambane, ndipo waba mopusa. Ndimusiye agwidwe? Ukwati wake uthe, dzina lake lithe? Ndinati bambo akowa alira mwezi umodzi, asiya. Komanso," anatsitsa mawu, "ndatopa nayo misonkhano pabalaza panga. Makapu anga onse anathera chipani."

Ndinawauza zonse: fayilo, cholembera chofiira, nambala 61, lukina wa pamalo okwerera basi. Anamvetsera osaphethira. Nditamaliza anayang'ana timitengo tija.

"Ndiye ukundiuza kuti ndinalanda mwamuna wanga mpando umene anapambana, n'kupatsa munthu wongodutsa?"

"Ndinkafuna kuti agwidwe."

"Ukanandifunsa. Ndinali pomwepo, ndikukupatsa tiyi." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Koma nonse m'chipani chanucho ndinu amodzi. Mumadziwa mitengo ya pa zithunzi."

"Ndikawauze bambo."

"Ukawauze chiyani? Umboni uli kuseri kwa bafa la wogonja. Ndani akakhulupirire? Akati mdala wafesa yekha lukina kuti abwerere. Mpando subwera. Chimene chingabwere n'choti adziwe kuti anamubera ndi mwana wake, womubisira n'kukhala mkazi wake. Bambo akowa angakhululukire wotcha makala, koma a m'nyumba mwawo sindikudziwa."

Anatola dengu la zovala. "Mphete ija ukabweze. Ikungokudetsa chala."

Ndinabweza mawa lake. Loya anailandira ndi manja awiri, nkhope yachisoni, naiika mu fayilo yobiriwira.

8

Owerenga, mwina mukudikira kuti ndikuuzeni kuti kubwezera n'koipa. Zimenezo mukamva kutchalitchi. Ine chimene ndinaphunzira n'chochepa: ndinalemba mndandanda wa anthu 61, chowawawa ndi chowalonjeza, ndipo munthu yekhayo amene anali ndi chisankho m'dzanja lake sanali pa mndandandawo, chifukwa analibe voti. Loya anandiika pa mzere ngati nambala, ine ndinakwiya. Amayi anga sindinawaike n'komwe. Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene mumangomutuma tiyi, muyang'aneni bwino m'manja.

Loya akadali tcheya. Mu wodi muja tinapeza mavoti 112, ndipo akuti ndi chiyambi. Pano akuyenda ndi mwana wa Anesi. Timitengo ta kuseri kwa bafa tafika m'chiuno. Bambo amatithirira m'mawa uliwonse, amati mtengo uliwonse uli ndi ufulu, ngakhale wobwera wokha.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Koma ndinaiwala amene anandiphunzitsa kuwerenga.

Kwa miyezi iwiri bambo ankachoka pa njinga m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Tinkati akuwongola miyendo. Lamulungu lapitali masana anatiitana pabalaza, ine ndi amayi. Anali atameta ndevu. Patebulo panali kabokosi ka machesi.

"Ndayendera nthumwi zonse," anatero. "Osati kukakangana ayi. Kukangofunsa. Ndinayambira kwa Amakala, kukapepesa. Mdala uja analira, nalowa m'nyumba, natuluka ndi ichi." Anatulutsa njere imodzi m'kabokosi. "Akuti anaopa kundilakwira, anaopanso kulakwira achinyamata, ndiye anangoisunga. Nditamva zimenezo ndinayamba kufunsa ena onse."

Anakhuthula kabokosi. Njere zinamwazika pa nsalu ya patebulo, ndipo anazindandalika ndi chala, monga ankachitira ndi timiyala ndili mwana.

"Werenga, mwananga."

"Khumi, bambo."

"Khumi. Anthu khumi sanavote. Nthumwi zinali zingati?"

"61."

"Chotsapo khumi."

"51."

"M'zitini unapezamo zingati?"

Amayi anali atagwira tiyipoti m'mwamba, tiyi osatsika. Panja wina ankakankha wilibala yolira.

"57," ndinatero.

Bambo anavula magalasi, nawapukuta ndi kumapeto kwa tayi, nawavalanso. Anayang'ana ine, amene ndinalowa pomaliza kuseri kwa katani. Anayang'ana amayi, amene anafesa.

"Nanga zisanu ndi imodzi zinazo anaponya ndani?"